Kadontho ka Anthu Awiri

Mtanda woyamba Atelala anaupeza Lachiwiri m'mawa, pa tayala lakutsogolo la kumanzere la galimoto yawo. Unali wa choko chachikasu, mzere wina wautali kuposa unzake, wopendekeka monga amalembera munthu wamanzere. Mayiwo anaima ndi ndowa m'manja mpaka madzi anayamba kuwadonthera kumapazi. Kenako anaviika sanza naufufuta, osauza munthu.

Lachitatu mtanda uja unabwerera, ndipo unabwera ndi anzake atatu. Tayala lililonse linali ndi wake.

Kuti mumvetse chimene chinawaopsa, muyenera kumudziwa mwini galimotoyo. Amuna awo, amene aliyense ankangowatchula kuti Aphunzitsi, anaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto kwa zaka makumi atatu. Atelala anali mmodzi wa ophunzira awo oyambirira, analephera mayeso kawiri, nakwatiwa asanayese kachitatu. Aphunzitsi anali chimunthu. Akakhala pampando wawo wa kumanzere, kagalimotoko kankapendekeka ngati kakumvetsera kanthu pansi. Chiwongolero sankachifuna. Kulikonse kumene banja linkapita woyendetsa anali mkazi, iwo ali pambali, kutsokomola pang'ono giya ikachedwa kusinthidwa. M'thumba la jekete lawo munkakhala zinthu ziwiri, kageji koyezera mpweya ndi choko chachikasu. M'mawa uliwonse, asanamwe n'komwe tiyi, ankazungulira galimoto. Tayala labwino ankalichonga, loipa ankalilemba mtanda ndi dzanja lawo lamanzere.

Koma Aphunzitsi anali atagona kumanda miyezi khumi ndi umodzi.

Matayala awo, tisabise, anali oseketsa. Owonda, aang'ono, oti madalaivala anzawo ankawatcha miyendo ya udzudzu. Iwo sankalabadira. "Tayala ndi nsapato," ankatero. "Mwana mukamuveka majombo a bambo ake, kusukulu akafika ndithu, koma akafika ndi njala."

Maliro atatha, mng'ono wawo, mlamu wa Atelala, munthu wa mtima wabwino koma wokonda zonyezimira, anabwereka galimoto tsiku limodzi nabwera nayo itavala zina. Matayala aakulu, otambalala, a mano ngati a thirakitala, pa malimu owala oti munthu n'kudzionerapo nkhope. "Alamu, musamayende pa timiyendo ta udzudzu, anthu angati takutayani," anatero. Atelala anathokoza, ndipo kunena zoona anawakonda. Akale aja anaunjikidwa kuseri kwa chipinda chosokera, ali pa malimu awo, navundikiridwa ndi lata.

Chinthu china chimene Aphunzitsi anasiya chinali kadontho ka penti wofiira pa galasi la geji ya mafuta. Mwana wawo woyamba anafera panjira yopita kuchipatala chachikulu, kuseri kwa mapiri, m'galimoto yahayala imene mafuta anaithera patsinde pa chitunda chomaliza. Msewu umenewo ndi wa maola atatu, ndipo ulibe pomwetsera mafuta ngakhale pamodzi. Atagula galimoto yawoyawo, Aphunzitsi anauyenda msewuwo kasanu, mkazi pachiwongolero, iwo maso pa geji, mpaka anapeza malire. Penti anadontheza ndi kamtengo ka machesi. "Muvi ukakhala apa, mufika pageti la chipatala. Ukakhala pansi pa apa, musanyamuke, funani njira ina. Ndi kadontho ka anthu awiri aka, inu ndi ine."

Tsopano kadontho kaja kanali katapeza ntchito. Mwana wawo wotsala, amene bambo ake ankamutcha Giyawani chifukwa cha kayendedwe kake kosafulumira, anali ndi pakati potopa, ndipo anabwera kudzadikirira kwa mayi ake popeza mwamuna wake ankagwira ntchito kutali. Mzamba wa pachipatala chaching'ono sanazungulire. "Mwana wagona chopingasa. Matenda akangoyamba musabwere kuno, lunjikani kuchachikulu. Ambulansi musaiwerengere, ilibe ndi dontho lomwe." Mafuta anali atasowa kwa masabata atatu. Atelala anaima pamzere masiku awiri, ndipo amene anapatsidwa anakweza muvi kufika pakadontho ndendende, osapitirira ngakhale ndi ulusi umodzi. Anaimika galimoto pakhonde, makiyi nawaika m'kabati ya makina osokera, mtima nukhala pansi.

Ndiye mitanda inayamba.

Lachinayi anaitana mlamu wawo kuti aone yekha.

"Alamu, choko n'chanu chomwe ichi," iye anatero, manja ali m'matumba. "Telala ndi choko, chachilendo n'chiyani? Mwina mumayenda kutulo."

"Changa n'chabuluu. Ndipo ine sindine wamanzere."

"Ndiye ndi ana a aneba."

"Geti ndimakhoma ndekha."

Mlamu anaseka kwambiri, kuseka kopitirira nkhani yake. Koma tayala sanalikhudze, ndipo tiyi amene anamuthirira anamusiya akufuka nthunzi.

Panali kanthu kamene Atelala sanauze mlamuyo, ngakhale mwana wawo. Chimwalirire Aphunzitsi, m'mawa uliwonse iwo ankalowa m'galimoto, kukhala pachiwongolero, n'kumauza mpando wa kumanzere nkhani za tsikulo: kasitomala amene wanenepa koma akuumirira muyezo wa chaka chatha, denga limene layamba kudontha, mimba ya Giyawani. Jekete la malemuwo linali likadali lokoleka pampandopo. Sankamva ngati akulankhula okha, ndipo zimenezi sizinkawaopsa. Ndizo zinawasunga chaka chonsecho.

Mlamu atachoka, analowa natseka chitseko. "Ngati ndi nsanje, Aphunzitsi, nenani," anatero chapansipansi. "Mng'ono wanu anangotipatsa mphatso, palibe china."

M'galimoto munali zii. Kenako sipulingi ya pansi pa mpando wa kumanzere inalira pang'onopang'ono, monga imalirira munthu wolemera akatembenuka kuti akuyang'ane.

Lachisanu mitanda sanaifufute. Anavala nsapato napita wapansi kwa Wamatayala, mkulu wa imvi amene anali ndi kashedi m'mbali mwa msewu, pakati pa wowotcherera zitsulo ndi wometa tsitsi. Anamupeza akumiza chubu m'mgolo wodula pakati wodzaza madzi akuda, kufuna pamene pakutuluka thovu. Makina ake opopera anali gone, nawonso ankadya mafuta. Anamvetsera osadula mawu, kenako anaika jeke, sipanala ndi pampu ya phazi m'wilibala, nawatsata.

Ataona mitanda ija anavula chipewa. Anagwira ntchito ndi Aphunzitsi zaka zambiri, ndipo dzanjalo ankalidziwa. Anasuzumira m'galimoto, naona kadontho kofiira, Atelala namufotokozera ntchito yake.

"Mayi," anafunsa, "kadontho kameneka anakayeza galimoto itavala nsapato ziti?"

"Timiyendo ta udzudzu tija," anayankha Atelala.

"Taonani," anatero mkuluyo, akumenya tayala ndi chikhatho. "Lotambalala chonchi limagwira msewu ndi mphira wambiri, ndiye injini imavutika kulikoka. N'lolemeranso, mukaliyesa kunyamula msana uthyoka. Mano awa ndi a m'matope. Pa tala amangoluma msewu pachabe n'kumalira wuu. Zonsezi zimamwa. Ndiye kainjini kanu n'kakang'ono, pachitunda kamachita kulira nako. Chinanso, tayala likakula, kowerengera mtunda kamanama, kamati mwayenda pang'ono pamene mwayenda kwambiri, inu osadziwa kuti mukuthera pati. M'tauni simungazindikire, mumangoti mafuta a masiku ano sachedwa kutha. Koma msewu wa kumapiri uja sunamizika."

"Ndiye ndi awa ndikanafika pati?"

Wamatayala anayang'ana muvi, nayang'ana kumwamba, milomo ikuyenda. "Patsinde pa chitunda chomaliza. Mwina kupitirira pang'ono."

Atelala malo amenewo ankawadziwa. Pali mwala waukulu woyera pambali pa kalavati, ndipo anakhalapo tsiku lina kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka, mwana akuzizira m'manja mwawo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo iwo nyererezo anazithokoza ndi manja awiri. Masiku atatu onse anakhala akufufuta ndi sanza chenjezo la munthu amene ankawatsina khutu. Anachita manyazi, ndipo manyaziwo anaposa mantha.

Anapita kuseri kwa chipinda chosokera. Wamatayala anachotsa lata. Pansi pake panali masamba ouma, ukonde wa akangaude, ndi miyendo inayi ya udzudzu ija.

"Awa ndiwapopa mpaka mwendo uchite dzanzi," anadandaula. "Tayala likagona chaka, mpweya umathawa wokha." Anaika geji yake pa loyamba. Anaichotsa, naigogoda pachikhatho, naiikanso. Anayeza lachiwiri, lachitatu, lachinayi. Kenako anapita kukawerenga kapepala ka fakitale komatidwa pamphuthu ya chitseko cha dalaivala, nabwerera pang'onopang'ono.

"Mwawapopa liti, mayi?"

"Sindinawakhudze chiwaikire apa."

"Ali ndendende. Onse anayi."

Atagubuduza loyamba kulitulutsa padzuwa, anaona kumbali kwake chongi chachikasu, cha mchira wautali. Anachikhudza ndi chala chachikulu, ndipo choko chinatsalira pachalapo, chatsopano ngati cha m'mawa womwewo.

Mkuluyo anayamba ntchito. Anamasula matayala a mlamu, namanga akale, natsitsa jeke. Atabwerera m'mbuyo kuti aone ntchito yake, anapendeketsa mutu. Tayala lakutsogolo la kumanzere linali litaphwatalala pang'ono pansi, ndipo galimoto yonse inkatsamira mbali imeneyo. Anaikapo geji. Mpweya unali wokwana.

"Muli katundu mbali iyi?"

"Jekete lokha."

Wamatayala anayang'ana jeketelo kudzera pagalasi. Anavala chipewa, nalonga zida zake m'wilibala. Ali pageti anatembenuka. "Tayala likaphwatalala chonchi limamwanso, mayi. Kaya laphwa, kaya lalemedwa, kwa injini n'chimodzimodzi." Wilibala inamveka ikulira mofulumira mpaka kukhota.

Loweruka ndi Lamulungu kunalibe mtanda. Mlamu anabwera, naona matayala ake ataunjikidwa pakhonde, natupa ngati finye, nachoka osatsanzika. Atelala analibe nthawi yomunyengerera.

Matenda anayamba Lolemba, dzuwa lili paliwombo. Giyawani anali akusita malaya a kasitomala, nangoika simbi pansi, nagwira tebulo ndi manja onse awiri. "Amayi," anatero, ndipo sanafunike kuwonjezera. Atelala anamugoneka pampando wa kumbuyo, chikwama chaching'ono nachiika kumapazi kwake. Sipeya ndi jeke zokha ndizo anasiya m'buti, zina zonse anali atatsitsa kale. Analiza injini. Muvi unakwera, nuima pakadontho.

Anayendetsa monga anaphunzitsidwira, phazi lopepuka, osathamanga, osaponda buleki pachabe. Nyumba zinatha, minda inatha, kunatsala tchire ndi tala wonyezimira ndi kutentha. Panalibe galimoto ina, nanga ndani anali ndi mafuta oyendera kumeneko? Timatayala tija tinkayenda mwakachetechete, kotero kuti Atelala ankamva kupuma kwa mwana wawo kumbuyo. Ankamvanso fungo la choko ndi sopo wometera ndevu. Pa chitunda choyamba anachedwa kusintha giya, ndipo kumanzere kwawo kunamveka kutsokomola pang'ono.

Misozi inalengeza m'maso mwawo, koma inali ya chimwemwe. Sanali okha pamsewu umenewu.

Pamlatho wa zitsulo ndi pamene anayang'ana geji bwinobwino. Maulendo asanu aja anawaphunzitsa kuti pofika pamlathopo muvi umayenera kukhala pakati penipeni, kuchokera pakadontho kufika pansi. Unali utapitirira. Osati kwambiri, mwina ngati m'lifupi mwa singano ziwiri, koma telala sanamizidwa ndi singano ziwiri. Anapepukitsanso phazi. Chiwongolero chinkakokera kumanzere, mkono mpaka kuwawa pochibweza.

"Amayi, tatsala pang'ono?" Mawu a Giyawani anali atachepa.

"Tatsala pang'ono, mwanangu. Puma monga anakuuzira mzamba."

Matayala anali oyenera. Mpweya unali wokwana. Katundu analibe. Anawerenga zonsezi m'mutu kawiri, katatu, muvi ukutsikabe, mpaka mawu aja anabwera okha, ndi liwu la mwini wake: ndi kadontho ka anthu awiri aka.

Iwo, mmodzi. Giyawani, wachiwiri.

Sanatembenuze mutu. Anangoyang'ana kutsogolo, kumene chitunda chomaliza chinayamba kuoneka, chachitali, msewu ukukwera mokhotakhota. Kagalimoto kolemedwa kangakwere pamenepo ndi giya yaing'ono yokha, ndipo giya yaing'ono imamwa ngati chidakwa. Mwala woyera uja unaonekera pambali pa kalavati.

Atelala anapatukira pambali, nazimitsa injini kuti asataye ngakhale dontho. Anatsika. Kunja kunali duu, ngakhale mbalame osamveka. Anazungulira kutsogolo kwa galimoto. Tayala la kumanzere linali litaphwatalala kuposa Lachisanu, ndipo atalikhudza linali lotentha kuposa linzake. Anatsegula chitseko cha kumanzere, naima monga ankaimira masiku aja podikira kuti amuna awo atulutse mwendo woyamba.

"Aphunzitsi," anatero. "Bambo a Giyawani. Munandichenjeza, ndipo ndamva, ngakhale ndinachedwa monga mwa masiku onse. Matayala ndi anu, kadontho ndi kanu. Koma munayeza anthu awiri, ndipo tili atatu. Ndine ndakusungani muno chaka chonse, sindikukana. Sindikufuna kuti mupite. Koma tsikani. Mukulemera."

Palibe chinachitika. Dzuwa linkawaotcha pakhosi. Kumbuyo mwana anabuula.

"Pamwala apa tinasiyapo mmodzi," anatero Atelala, misozi ikutsika osaipukuta. "Sindisiyapo wina. Pitani mukakhale ndi uyo, wakhala yekha nthawi yaitali."

Sipulingi inalira. Inalira nthawi yaitali, monga inkalirira kale chimunthu chija chikamadzikoka kutuluka, ndipo galimoto inadzuka pang'onopang'ono mbali ya kumanzere mpaka inaima mowongoka. Tayala lija linabwerera kukhala lozungulira, iwo akuona ndi maso awo. Kamphepo kofunda kanawadutsa paphewa, kamene sikanagwedeze udzu uliwonse. Anachotsa jekete pampando, nalipinda bwinobwino monga apindira telala, manja m'kati, naliika pamwala woyera.

"Amayi, mukuyankhula ndi ndani?"

"Ndimaona tayala. Gwira pampandopo, tikukwera."

Aphunzitsi ankati dalaivala wosayang'ana pagalasi ponyamuka ndi wakupha. Kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi atatu, Atelala ananyamuka osayang'ana pagalasi, ndipo palibe anatsokomola.

Kagalimoto kanakwera chitunda ndi giya yachitatu, kopepuka ngati kasiya ngolo. Chiwongolero chinaleka kukoka. Pamwamba nsanja ya madzi ya pachipatala inaoneka patali, muvi utagona kale pansi. Potsetsereka Atelala anachotsa phazi, galimoto nkumayenda ndi kulemera kwake komwe. Injini inatsamwa koyamba podutsa sukulu, kachiwiri pa malo okwerera basi, ndipo inazima yokha kutatsala mipanda iwiri. Timiyendo ta udzudzu tinagubudukabe, mwakachetechete, pang'onopang'ono, mpaka mphuno ya galimoto inaima pageti, mlonda atatsegula kale akukuwira anamwino kuti abwere ndi machira.

Dzuwa lisanalowe namwino anatuluka m'chipinda cha opareshoni, nati ndi mwana wamwamuna, wamkulu thupi, ndipo mayi ake ali bwino. Anatinso akanachedwa ndi theka la ola nkhani ikanakhala ina. Atelala anamuona mdzukulu wawo, namugwira kaphazi, kenako anatuluka panja, chifukwa nkhani yotere panali munthu mmodzi woyenera kuimva poyamba.

Alonda anali atakankhira galimoto pansi pa mtengo. Inaima mowongoka. Pa tayala lakutsogolo la kumanzere panali chongi chachikasu cha mchira wautali, fumbi la chitunda chomaliza litachikwirira pang'ono. Atelala sanachikhudze. Analowa, nakhala pachiwongolero, natseka chitseko, natembenukira kumanzere.

"Ndi mwamuna," anatero. "Watengera inu thupi."

Anadikira sipulingi. Anadikira mpaka mthunzi wa mtengo unasuntha kuchoka pagalasi. M'galimoto munkanunkha fumbi ndi mphira wotentha basi, ndipo mpando wa kumanzere unali mpando chabe, wong'ambika pang'ono pamsoko, woti mawa adzausoke.